Mng'alu pa Denga la Oyim

Chivomerezi cha chaka chimenecho chinabwera mavwende atapsa, masana, anthu ali m'mithunzi. Sichinali chachikulu. Kwathu ku Jiydali chinagwetsa mpanda wa khola limodzi, n'kutayitsa tiyi wa anthu amene ankamwa nthawi imeneyo. Pofika madzulo nkhani inali itabwerera ku madzi a m'ngalande, kuti mawa athirire ndani.

M'mawa mwake a Hosiyat anakwera kuchitunda ndi tsache lawo monga mwa masiku onse, natsegula manda a Oyim. Pa nsalu yobiriwira yofunda mandawo anapezapo fumbi loyera ndi tizidutswa ta njerwa. Atakweza maso anaona mng'alu wochokera pamwamba pa zenera lakum'mawa mpaka pakati pa denga, ndipo chapakatipo njerwa zingapo zinali zitatsika pamzere wa zinzake, zikulendewera ngati mano ogwedera. Anasesa, nakutumula nsaluyo panja, natseka chitseko. Panyumba pawo anangodutsa osalowa, napita kwa mlamu wawo.

Pachitundapo pali zinthu ziwiri. Pali mzikiti, umene unagwa agogo athu asanabadwe. Patsala khoma limodzi loyang'ana ku Maka, ndi kachipinda kake kolowa mkati komwe ankaima wotsogolera mapemphero, ndiponso chitsa cha nsanja yoitanira anthu, pomwe adokowe amamangapo chisa. Ndiye pali manda a mayi amene anamangitsa mzikitiwo: nyumba ya makoma anayi, denga lake la njerwa lobulungira ngati mbale yovundikira. Akuti anali mkazi wa bwanamkubwa wina wamakedzana, dzina lake Zarnigor, koma dzinalo silimveka pakamwa pa munthu. Timangoti Oyim, monga mungatchulire dona wa panyumba yaikulu. Akuti moyo wake wonse mwamuna wachilendo sanaone nkhope yake, choncho ngakhale anafa, mwamuna salowa m'nyumba yake. Amuna timalekeza pa mwala wapakhomo, kuseri kwa nsalu yotchinga, n'kupemphera titafulatira chitseko. Ine ndinabadwira pansi pa chitundachi ndipo mkatimo sindinaonemo. Zamkati zimene ndikunena pano ndi zomwe akazi amanena.

A Hosiyat anabwera kwathu ngati mtengwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Anakwatiwa ndi a Norkobil, woyamba mwa ana aamuna atatu a mayi amene ankasunga kiyi wa mandawo. Inali nthawi imene boma silinkafuna kumva za manda oyera, ndipo apongozi awo ankabisa kiyiyo m'thumba la ufa. Ofufuza akabwera ankauzidwa kuti m'nyumbamo mumasungidwa mathandala a mbozi za silika. A Hosiyat analima thonje zaka makumi atatu ndi zisanu, anaweta mbozizo nyengo ya mphukira iliyonse, anabereka ana asanu ndi awiri, naika awiri m'manda. Amuna awo anamwalira ndi chifuwa. Chimene ankadziwika nacho m'mudzi ndi buledi. Paukwati uliwonse ankaitanidwa kukakanda ufa, ndipo ankakanda ndi zibakera, nthawi yaitali, mpaka ufawo uzilira pansi pa manja awo. Atengwa aulesi ankaopsezedwa ndi dzina lawo.

A Hosiyat analandira kiyiyo apongozi awo ali pafupi kufa. Mawu anali ochepa: "Nyumbayi ndinailandira phazi la mwamuna lisanapondemo. Nawenso ukapereke choncho." Kuyambira pamenepo ankasesa tsiku ndi tsiku, ndipo Lachitatu ankalandira akazi obwera kudzaona Oyim: ofuna mwana, odwazika, ndi ena ongofuna kukhala pozizira osafunsidwa kanthu ndi munthu. Akaziwo amayatsa tizingwe ta thonje toviika m'mafuta, n'kukazinga timitanda ta ufa pansi pa mtengo wa mabulosi kuti fungo likwere kwa akufa. Chaka cha chivomerezicho a Hosiyat anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.

Mlamu wawoyo, a Eshkobil, ndiye anali mmisiri womanga wa m'mudzi mwathu. Mtengwa satchula dzina la mbale wa mwamuna wake, ndipo ngakhale mbaleyo ali mwana wamamina amamuti inu. A Hosiyat anawapeza a Eshkobil ali ndi zaka khumi, nawapatsa dzina loti Apakati, poti anali wachiwiri mwa atatu aja. Dzinalo linakhala mpaka imvi.

Tsiku limenelo anawapeza akusoka chishalo cha bulu.

"Apakati, siyani buluyo. Denga la Oyim lang'aluka."

"Kwambiri?"

"Chikhatho changa chingalowe cham'mbali."

"Chikhatho chanucho, alamu, ndi fosholo. Ndiye kuti zavuta."

Anakwera limodzi kuchitunda. A Eshkobil anazungulira nyumbayo kawiri, nakwera padenga ndi makwerero, poti kunja mwamuna amaloledwa. Atatsika anakhala pa mwala wapakhomo atafulatira chitseko.

"Kunja ndimata ndekha, madzi salowa," anatero. "Koma njerwa zotsikazo zimafuna kukankhidwa kuchokera mkati ndi kukhomeredwa zikhomo. Zikasiyidwa choncho, chipale chofewa chikaunjikana pamwamba, pakati ponse pagwa. Mundipatse masiku atatu. Mufunditse mandawo mabulangete, ine ndilowe, maso anga kumwamba kokha."

"Ayi."

"Ndili ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri, alamu. Oyim angachite manyazi ndi ine?"

"Ine ndinakupukutanipo mamina, koma lero simungalowe m'chipinda mwanga ndisanamange mpango."

A Eshkobil anapita kukafunsa shehe. Sheheyo anati m'mabuku mulibe lamulo loletsa mwamuna kulowa m'manda a mkazi, makamaka pofuna kuwapulumutsa. Anati ndi mwambo wa amayi chabe. A Hosiyat atamva anati shehe akunena zoona, ndipo kiyi anamuika m'thumba lamkati.

"Ndiphunzitseni," anauza mlamu wawo. "Manja ndili nawo."

"Muli ndi manja, mawondo mulibe."

"Mawondo samata."

A Eshkobil anati, "Chabwino. Koma timvane. Chisanu chikaumitsa madzi m'ngalande ngati mwala, dothi lomatira siligwiranso. Tsiku limenelo likafika ntchito isanathe, ndithyola loko n'kulowa, muzinditukwana mpaka kufa."

A Hosiyat anangotembenuka n'kumapita, ndipo a Eshkobil anatenga zimenezo ngati kuvomera.

Thonje linatseguka sabata yomweyo. Thonje likatseguka mudzi umakhala wopanda anthu. Aphunzitsi, anamwino, atengwa, onse amakwezedwa m'malole m'mamawa kukathyola thonjelo n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo otsala ndi okalamba ndi makanda. Amene anathandiza ndi a Bodomgul, mayi woyandikana nyumba ndi a Hosiyat, wa zaka makumi asanu, amene ankanyamula yekha thumba la thonje lomwe amuna ankagwirizana awiri. Ankabwera kusanache bwino, lole isanafike. A Eshkobil anamanga nsanja ya milongoti panja, ya mathandala awiri, akaziwo akuyang'ana mfundo iliyonse. Kenako akaziwo anaiphwasula, nalowetsa mlongoti umodziumodzi, naimanganso mkati. Zinatenga masiku asanu. Itatha, a Bodomgul anabwerera ku thonje ndipo a Hosiyat anatsala okha.

Mmisiri sangakonze chimene sanachione. A Hosiyat akati "apa pali mpata waukulu," a Eshkobil ankafunsa kuti waukulu bwanji, ndipo yankho silinkawakwanira. Tsiku lachiwiri a Hosiyat anakwera ndi ufa wokanda, naukanikiza mumng'alu malo asanu, n'kutulutsa zidutswazo pa thireyi, motsatana kuchokera pazenera mpaka pakati. A Eshkobil anazitembenuza m'manja nthawi yaitali. Pa ufawo pankaoneka kukula kwa mpata, kuya kwake, ngakhale m'mphepete mwa njerwa zimene zinasweka.

"Ichi wakuuzani ndani?"

"Inu Apakati mumaganiza kuti nzeru zimagona m'chipewa."

Kuphunzira kunachitikira mumzikiti wakugwa. Kachipinda ka pakhoma lotsala lija kali ndi kadenga kobulungira, ngati theka la denga la Oyim, ndipo a Eshkobil anati manja amene anayala njerwa zake ndi omwewo. A Hosiyat anavula nsapato polowa pakati pa zitsamba ndi ndowe za mbuzi, ngakhale panalibe khomo lolowerapo.

Dothi lomatira lija timaliti ganchi. Ndi mwala woyera wa kumapiri, wootchedwa ndi kusinjidwa. Makolo ankamangira ameneyo, ndipo a Eshkobil anakana simenti, ati imauma gwa n'kuswa njerwa zakale. Anali ndi matumba awiri a ganchi otsala pa ntchito ina.

"Madzi poyamba, m'kambale aka, osati m'beseni. Muwaze ganchi pamwamba mpaka aleke kumwa madzi. Muvundule ndi zala ziwiri, katatu, kanayi, basi. Mng'alu muunyowetse. Kenako muponye, mukanikize, muchotse dzanja. Akayamba kulimba m'mbale, tayani. Musawonjezere madzi. Musakande."

"Ali ndi mibulu."

"Akhale nayo."

"Mtengwa wanga atandibweretsera chotere ndingamubwezere kwa amayi ake."

"Palibe adzadye, alamu."

Pamaso pa a Eshkobil anachita monga anauzidwira, ndipo zinagwira. Koma m'manda anali okha. Kambaleko kankatha asanamate ngakhale malo a chikhatho chimodzi, ndipo kutsika ndi kukwera kunkawapweteka mawondo. Zomatazo zinkatuluka zokhakhala, zala zikuoneka. Pambuyo pake anati pamwamba pa nkhope ya Oyim sakanasiya chinthu chooneka ngati khoma la khola. Tsiku lachitatu anakwera ndi beseni lawo la buledi. Anasakaniza lodzaza, nakanda ndi zibakera mpaka mibulu yonse inatha. Ganchiyo akayamba kulimba ankamudonthezera madzi n'kukandanso, ndipo ankafewa bwinobwino n'kuwamvera tsiku lonse. Anamata mosalala ngati dzira. A Eshkobil, amene ankakhala pa mwala wapakhomo akusema zikhomo za mtengo wa mabulosi, anadabwa kuti matumba akutha msanga chotere.

"Mukuchita monga ndinanenera?"

"Semani zikhomo zanu."

Anagwira choncho masiku asanu ndi anayi. Adokowe anali atachoka, ndipo m'mawa munthu ankafuna chovala chachiwiri. Tsiku lakhumi a Hosiyat anapeza fumbi loyera pa nsalu yobiriwira ija. Anakwera, nakanikiza chala pomwe anamata tsiku loyamba ndi beseni, ndipo chinalowa ngati m'phulusa. Palibe wina akanadziwa. Anabenthula chidutswa, nachimanga pansonga ya mpango, natuluka, nachiika pamwala pambali pa mlamu wawo.

A Eshkobil anachifinya pakati pa zala, chinangoyoyoka. Kenako anayang'ana zibakera za a Hosiyat, zomwe zinali zoyera mpaka m'mfundo.

"Mwakanda."

"Pang'ono."

"Mwamupha. Ganchi amagwira kamodzi. Mukamusokoneza ali mkati mogwira, sagwiranso. Watsala wochuluka bwanji?"

"Theka la thumba."

"Matumba awiri, alamu. Munthu ndinawasunga zaka zinayi."

"Mukananena chifukwa chake. Mumangoti musakande, musakande, ngati mukuuza mwana."

"Mwana akanamva."

Tsiku limenelo sanalankhulanenso. M'mawa mwake a Eshkobil ananyamuka ndi abulu awiri kupita kumapiri, ndipo anabwera tsiku lachitatu ndi miyala yoyera. Ng'anjo yootchera panalibe nthawi yoimanga. Miyalayo inaotchedwa mu uvuni wa a Hosiyat, buledi akatuluka, atamata pakamwa pake ndi matope. A Hosiyat ankaisinja mumtondo n'kusefa ndi sefa ya ufa. Pakati pa ntchitoyo ankakwera kuchitunda ndi mpeni wakale kukapala zonse zimene anamata masiku asanu ndi anayi aja. Zinkachoka mosavuta.

Masamba a mabulosi anachita chikasu, nayamba kugwa. Nsonga za mapiri zinayera, ndipo m'mawa uliwonse kuyerako kunkaoneka kuti kwatsika pang'ono. A Eshkobil popita kuchitunda ankayamba aima pangalande n'kuviika chala.

Ulendo wachiwiri a Hosiyat anagwira ndi kambale. Madzi, ganchi, zala ziwiri, kuponya, kuchotsa dzanja. Ankakoka ndowa ya madzi ndi chingwe kuti asamatsiketsike. Sankayang'ana zomwe amata. Atatha masiku khumi ndi awiri anafika pakati pa denga, pomwe panali njerwa zisanu ndi ziwiri zolendewera. Njira yake inali iyi: kuimika mlongoti wamfupi pathandala lapamwamba, kathabwa kali pansonga, kumenya chikhomo pansi pa mlongotiwo mpaka njerwa ikwere pamzere wake, kenako kukhomera zikhomo zing'onozing'ono m'mipata ndi kumata. Njerwa zinayi zinakwera bwino. Pa yachisanu a Hosiyat anabwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti aone ngati yalingana ndi zinzake, ndipo thabwa linali litathera pomwepo. Anagwera pathandala lapansi, kenako pansi.

A Eshkobil anamva thabwa likugunda, kenako chinthu cholemera, kenako kambale kakugubuduka mpaka kanaima.

"Alamu."

Kunali zii.

"Alamu, mwagwetsa chiyani?"

Anaimirira, natembenuka, chinthu chimene sanachitepo pakhomo limenelo. Anagwira nsalu yotchinga. Phazi limodzi analikweza pamwamba pa mwala.

"Phazi limenelo ndikuliona," anatero mawu ochokera mkati, apansipansi. "Libwerere."

"Mwavulala pati?"

"Mwendo."

"Ndikulowa."

"Mukalowa, Apakati, kumaliro anga musabwere. Tembenukani."

"M'mudzi muno mulibe mkazi mpaka madzulo."

"Ndilipo ine."

A Eshkobil anakhalabe chigwirire nsaluyo kanthawi. Kenako anaisiya, natembenuka, nakhala pansi. Kuchokera pomwe a Hosiyat anagwera kufika pakhomo akuti ndi mapazi asanu ndi atatu, mozungulira manda. A Eshkobil ankamva chovala chikukwekwereka, n'kuleka, n'kukwekwerekanso. Mthunzi wa mtengo wa mabulosi unachoka pa nsapato zawo n'kufika pakhoma.

"Lankhulani kanthu," anatero a Hosiyat. "Mwangoti duu ngati chitsa."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Pakamwa panu sipasowa zopanda pake."

"Buledi wanu woyamba kwathu munapsereza. Amayi anandipatsa ine kuti ndikaponyere agalu, achimwene asaone."

"Bodza."

"Agalu anakana."

"Bodza lenileni."

"Ndinadya ine. Kuseri kwa khola. Ndinali ndi njala."

Chovala chija chinakwekwereka nthawi yaitali osaleka. Manja ndiwo anayamba kutuluka, oyera ndi ganchi, kenako mutu, mpango uli pomwepo. Atadzikokera pamwamba pa mwala, a Hosiyat anakoka chitseko, nakhoma loko ali chikhalire. Pamenepo anati, "Tsopano nyamulani," ndipo a Eshkobil anawabereka mpaka pa ngolo ya bulu.

Wolumikiza mafupa anati fupa lathyoka pansi pa bondo. Analimanga ndi timatabwa ndi nsalu yoviika m'mazira, nati asaponde mpaka mphukira. M'mawa mwake a Eshkobil anabwera kudzawaona, nakhala pafupi ndi chitseko osavula chipewa.

"Njerwa zitatu zatsala, ndipo imodzi yagwidwa ndi mlongoti wokha. Lero m'mphepete mwa ngalande munali kagalasi ka madzi oundana. Ndipatseni kiyi."

"Kagalasi m'mphepete si ngalande youma."

"Alamu."

"Munati madzi akauma."

"Ndi mawa kapena mkucha. Mukufuna denga limugwere Oyim kuti mawu anu aime?"

A Hosiyat anayang'ana kukhoma. Kiyi anali pansi pa pilo, ndipo dzanja lawo linali pomwepo. A Eshkobil anapita kwawo, natulutsa chitsulo chothyolera loko, nachitsamiritsa pageti pomwe aliyense wodutsa ankachiona.

Kutacha kunali mvula, yoyamba ya masika, yozizira, yamawawa. Thonje lonyowa silithyoledwa, choncho malole sanabwere. Ndipo mitambo ikaphimba, chisanu chimadikira masiku awiri kapena atatu. A Hosiyat anaitanitsa a Bodomgul. Patapita kanthawi anthu anaona a Bodomgul ndi akazi ena atatu akukwera chitunda m'matope, atanyamula chitseko chimene anachichotsa panyumba, a Hosiyat atagona pamwamba pake atafunda chikopa cha nkhosa. A Eshkobil ankabwera m'mbuyo, thumba la ganchi atalibisa m'jasi. Chitsulo chija anachisiya pageti.

Anawagoneka chagada pambali pa manda, pomwe denga lonse linkaoneka. A Bodomgul anakwera nsanja. A Eshkobil anakhala pamwala, atafunda thumba kumutu, mvula ikuwadonthera m'khosi. Iwo ankanena, a Hosiyat n'kumakweza mawuwo kumwamba, koma sankafika monga anachokera.

"Auzeni amenye chikhomo pang'onopang'ono, azimvetsera kulira kwa njerwa."

"Bodom, menya pang'ono. Si mwamuna wako ameneyo."

"Ikulira bwanji?"

"Bodom, ikulira bwanji?"

"Ngati mphika wosweka, achemwali."

"Akuti ngati mphika wosweka."

"Ndamva, sindine gonthi. Apitirize."

Kugogoda kunapitirira. Akazi atatu aja ankatunga madzi ndi kugwira milongoti.

"Tsopano ikulira ngati mbale yabwino."

"Aleke pomwepo. Alamu, inu mukuiona, yalingana ndi zinzake?"

"Yatsala mpeni umodzi kumanzere."

"Mpeni chathyathyathya kapena cham'mbali?"

"Cham'mbali."

"Isiyeni. Amate."

Panapita kanthawi, kenako a Bodomgul anaitana kuchokera kumwamba. "Achemwali, izi ndi mibulu yokhayokha. Ndikande pang'ono?"

"Ukakanda ndidzuka pano n'kukuthyola mwendo wako."

A Eshkobil anatsokomola m'thumba lawo lija.

Ntchito inatha tsiku lachiwiri masana. A Eshkobil anadula timapepala tisanu ndi kamodzi, nati timatidwe modutsa mng'alu wakalewo, kuyambira pazenera mpaka pakati. Denga likasuntha ngakhale pang'ono, pepala ling'ambika. Anati nsanja isaphwasulidwe, ndipo timapepalato tidzaonedwe chipale chitasungunuka, poti denga limasuntha pa nthawi imeneyo. Masiku awiri pambuyo pake mitambo inachoka, ndipo ngalande inauma kuchokera mbali ina kufika ina.

Chipale chinagwa chambiri chaka chimenecho. Chinathyola nthambi za mitengo ya zipatso ndipo chinagwetsa madenga a makola awiri. A Hosiyat anagona nyengo yonse yachisanu, mapazi ali pafupi ndi makala. Lachitatu lililonse a Bodomgul ankabwereka kiyi, kukasesa, n'kubwera naye tsiku lomwelo. Funso linali limodzi: pa nsalu pali fumbi? Panalibe. Mwendo unalumikizana, koma unafupika pang'ono, ndipo kukanda ufa wa maukwati kunathera pamenepo, poti sankatha kugwada pa beseni.

Chipale chinasungunuka mochedwa. Njira ya kuchitunda inauma mitengo ya zipatso itayamba kuyera maluwa, tirigu atabiriwira m'minda yotsetsereka. Linali Lachitatu m'mawa pamene a Eshkobil anabwera ndi bulu kudzatenga mlamu wawo. A Hosiyat analowa ndi ndodo, a Bodomgul ali patsogolo. A Eshkobil anakhala pamwala, akumva nsanja ikulira pomwe a Bodomgul ankakwera, kenako mawu a akazi awiriwo, otsika, osamveka bwino. Anachedwa. Potuluka a Hosiyat anaima pambali pawo, natsamira khoma.

"Mapepala asanu ali bwinobwino. Lachisanu ndi chimodzi, la pazenera, lang'ambika."

"Mpata wake?"

"Ulusi ungalowe. Singano ayi."

A Eshkobil anaganiza. "Ameneyo ndi wa kambale kamodzi. Mudikire kutenthe, a Bodomgul adzamate, ndiye muphwasule nsanja." Anatola kamtengo pansi, nakathyola. "Nanga ikuoneka bwanji ntchitoyo?"

"Yonyansa. Zala zokhazokha. Aliyense wolowa amayamba wayang'ana kumwamba."

"Koma yagwira."

"Yagwira."

Pansi pa chitunda panaoneka akazi asanu akutsidya kwa mtsinje, oyamba chaka chimenecho, atanyamula ufa ndi botolo la mafuta. Mmodzi anali wamng'ono, atavala mpango woyera wa mtengwa, akuyenda m'mbuyo mwa apongozi ake. Anadutsa khoma la mzikiti osaima, nayamba kuvula nsapato akadali patali.

"Chokani pamwalapo, Apakati," anatero a Hosiyat. "Alendo alowera pati?"